Metformin akamakuvutani: kukonza kamwedwe, ndi nthawi yoyenera kumuimitsa

Dandaulo limene limamveka kwambiri pa kiliniki ya shuga ndi la m'mimba. Munthu wapatsidwa metformin, mankhwala a matenda a shuga, Lolemba, pofika Lachitatu akuthamangira kuchimbudzi katatu kapena kanayi pa tsiku, mimba yadzaza mpweya, mseru sukutha, ndipo m'kamwa mukumveka ngati wanyambita ndalama yachitsulo. Ambiri amangosiya kumwa osauza aliyense, n'kudzaonekeranso patatha miyezi itatu shuga atakwera, mapiritsi ali m'thumba momwe anawalandirira. Pa anthu khumi amene ayamba kumene metformin, awiri kapena atatu amavutika m'mimba chonchi, koma amene amalepheratu kupitiriza ndi pafupifupi mmodzi pa anthu 20. Kwa otsalawo vutoli limatha lokha, kapena limatha akasintha kamwedwe.

Metformin amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsira m'magazi, komanso amathandiza thupi kuti lizimvera insulin yake, imene imachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'maselo. Koma piritsi limene mwameza sililowa lonse m'magazi. Pafupifupi theka limatsalira m'matumbo, ndipo mmenemo limasokoneza kabwereredwe ka ndulu m'thupi, limasintha tizilombo tabwino tokhala m'matumbo, n'kuchititsa kuti madzi ambiri atsalire m'chimbudzi. N'chifukwa chake kuchuluka kwa mankhwala amene afika m'matumbo nthawi imodzi ndi kumene kumapangitsa kuti munthu avutike kapena ayi. Piritsi lalikulu pa mimba yopanda kanthu limapweteka, pomwe laling'ono lomezedwa pakati pa nsima nthawi zambiri limangodutsa.

Kutsegula m'mimba ndi mseru m'masabata oyamba

Choyamba, onani nthawi imene mukumwa. Metformin amamwedwa pakati pa chakudya kapena mukangomaliza kudya, musanasambe n'komwe m'manja. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amamva kuti "m'mawa ndi madzulo", ndiye amamwa podzuka pamodzi ndi mankhwala a BP, chakudya n'kudzachiona masana. Tiyi wopanda zomwera si chakudya. Ngati m'mawa simudya kwenikweni, ndi bwino kumwa piritsilo pa nsima ya masana kusiyana ndi kulimwera tiyi yekha. Phala la mgaiwa, mbatata yophika, kapena buledi ndi dzira ndi zokwanira.

Chachiwiri ndi mlingo umene mwayambira. Matumbo amafuna kuzolowera pang'onopang'ono, ndipo kakweredwe kofala ndi aka: sabata yoyamba piritsi limodzi la 500 mg pa chakudya cha madzulo, sabata yachiwiri 500 mg m'mawa ndi 500 mg madzulo, sabata yachitatu kuwonjezerapo 500 mg ina, kenako, ngati shuga akufunabe, 1000 mg m'mawa ndi 1000 mg madzulo. Mukakwera sitepe imodzi n'kuona kuti m'mimba mwayambanso, bwererani pa mlingo umene munali bwinobwino, khalanipo masabata awiri, kenako yesaninso. Shuga wa mtundu wachiwiri amawononga thupi pa zaka, choncho masabata awiri owonjezera satayitsa kanthu, pomwe kusiyiratu mankhwala kumatayitsa zambiri. Ngati munayambitsidwa pa mlingo waukulu tsiku loyamba lomwe, bwererani kwa adokotala mukawapemphe kuti muyambirenso pansi. Kupitirira 2000 mg pa tsiku phindu lake pa shuga limakhala lochepa, koma mavuto a m'mimba amawonjezeka.

Chachitatu anthu sachiganizira. Werengani nambala yolembedwa pa paketi, musamangowerenga mapiritsi. Metformin amabwera wa 500 mg, wa 850 mg ndi wa 1000 mg, ndipo kawirikawiri onse amakhala oyera. Munthu amene anazolowera kuti "ndimamwa awiri m'mawa" akapatsidwa a 850 mg mwezi umene a 500 mg atha ku famase, amachoka pa 1000 mg kufika pa 1700 mg nthawi imodzi osadziwa. Kutsegula m'mimba kukayamba mutangotenga mankhwala atsopano, tulutsani paketi yakale ndi yatsopano muziyerekeze.

Zakudya nazo zimathandizira. M'masabata oyambawa chepetsani zokazinga za mafuta ambiri, tsabola, mkaka wambiri ndi mowa. Nyemba ndi kabichi zimawonjezera mpweya kwa ena. Musazisiye, chifukwa ndi ndiwo zabwino kwa munthu wa shuga, ingochepetsani kwa kanthawi. Imwani madzi okwanira kubwezeretsa amene akutuluka. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba ogula pa golosale, makamaka Flagyl ndi Bactrim amene anthu amangomwa mwachizolowezi, sathandiza pa vuto ili chifukwa palibe kachilombo koti aphe, ndipo Flagyl amawonjezera mseru ndi kukoma kwachitsulo kuja.

Kawirikawiri zinthu zimakhazikika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri pa mlingo umodzi. Mwezi ukatha mukuchita zonsezi koma osasintha, funsani za metformin wosungunuka pang'onopang'ono, amene pa paketi pake pamalembedwa XR, SR kapena MR. Ameneyu amamwedwa kamodzi pa tsiku pa chakudya cha madzulo, ndipo anthu ambiri amene anakanika wamba uja amamupirira. Sapezeka nthawi zonse m'zipatala za boma ndipo ndi wokwererapo mtengo. Amamezedwa wathunthu: osamutafuna, osamuphwanya. Nthawi zina mumaona chinthu chonga piritsi m'chimbudzi. Ndi khoko chabe, mankhwala ake analowa kale, ndiye musamwe lina.

Pali anthu amene amwa metformin zaka zisanu popanda vuto, kenako m'mimba n'kuyamba kutsegula mosalekeza. Zimachitika, ndipo ena amazunzika miyezi akuyezetsa chimbudzi kufunafuna njoka za m'mimba. Zoyenera kufufuza ndi zitatu: kodi mphamvu ya piritsi yasintha, kodi pali mankhwala ena atsopano, kodi impso zikugwirabe ntchito ngati kale. Adokotala angathenso kuimitsa metformin kwa masabata angapo, akukupatsani china chogwirizira shuga, kuti aone ngati kutsegulako kutha.

Kutsegula kwa mankhwala ndi kutsegula kwa matenda

Kusiyanitsa ziwirizi ndi chinthu chofunika kuposa china chilichonse pa nkhani ya metformin, chifukwa zochita zake n'zotsutsana. Kutsegula kwa mankhwala kumayamba mutangoyamba kumwa kapena mutangokweza mlingo, kulibe kutentha thupi, kulibe magazi, ndipo mumadya ndi kumwa ngakhale mukunyansidwa. Pamenepo mumachepetsa mlingo n'kupitiriza. Kutsegula kwa matenda kumabwera mwadzidzidzi pa mlingo umene munauzolowera, nthawi zambiri ndi kusanza, kutentha thupi, kamwazi, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, ndipo mwina ena pakhomo akudwalanso. Pamenepo metformin muyenera kumuimitsa tsiku lomwelo.

Chifukwa chake ndi impso. Metformin saphwanyidwa m'chiwindi ngati mankhwala ena ambiri. Amatuluka mmene alili kudzera mu mkodzo. Thupi likatha madzi, impso zimachepetsa ntchito, mankhwalawo amaunjikana m'magazi, ndipo asidi wotchedwa lactic acid amayamba kuchuluka. Matendawa, amene madokotala amati lactic acidosis, sachitika kawirikawiri, koma akachitika amatha kupha, ndipo pafupifupi nthawi zonse amagwira munthu amene anali kale ndi china chake: impso zofooka, kutha madzi m'thupi, malungo aakulu, chibayo kapena matenda ena olowa m'magazi, mtima wolephera, chiwindi chowonongeka, kapena mowa wambiri.

Lamulo la masiku odwala ndi ili. Mukamasanza mobwerezabwereza, mukamatsegula m'mimba kwambiri, kapena thupi likatentha mpaka kulephera kudya ndi kumwa, siyani metformin. Imwani Thanzi ORS pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Shuga amene ali mu Thanzi ndi wochepa, magalamu 13.5 pa lita yonse, ndipo kutha madzi n'koopsa kuposa shuga ameneyo. Mudzayambirenso metformin mukatha tsiku limodzi kapena awiri mukudya ndi kumwa bwinobwino. Ngati mumamwanso mankhwala a BP kapena okodzetsa monga enalapril, HCT kapena Lasix, funsani a chipatala tsiku lomwelo, chifukwa nawonso amalemetsa impso thupi likauma. Amene amabaya insulin asaisiye. Iyo imatsatira malamulo ake.

Thamangirani kuchipatala, ngakhale usiku, mukaona izi: kupuma mozama ndi mothamanga ngati munthu wokwera phiri pomwe wangogona, kufooka kodabwitsa, kuphwanya ndi kukokana kwa minofu, kupweteka kwa m'mimba pamodzi ndi kusanza, kuzizidwa, tulo tosaletseka kapena kusokonezeka mutu. Mukafika, nenani msanga kuti wodwalayo amamwa metformin, ndipo onetsani buku lake la kuchipatala.

Mphamvu ya impso imayezedwa ndi magazi, poona creatinine, chinthu chimene impso zimasefa m'magazi, ndipo kuchokera pamenepo amawerengera nambala yotchedwa eGFR. Ikakhala 45 kapena kuposa, metformin amapitirira, ngakhale pakati pa 45 ndi 60 amafunika kuyang'aniridwa. Pakati pa 30 ndi 44 mlingo usapitirire 1000 mg pa tsiku. Pansi pa 30 metformin amasiyidwa. Yezetsani musanayambe mankhwalawa, kenako kamodzi pa chaka, ndipo kawiri kapena kuposa ngati ndinu achikulire kapena nambala yanu yayamba kutsika. Impso zimatha mwakachetechete, munthu akukodza bwinobwino, ndiye musadalire mmene mukumvera.

Mdani wa impso amene ali m'nyumba iliyonse ndi mapiritsi a ululu: Brufen, diclofenac ndi Indocid. Munthu wa shuga amene amamwa amenewa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana kapena mawondo akudziika pangozi, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala akugwira ntchito kumunda. Panado ndiye wosavuta pa impso. Zitsamba za m'mabotolo zimene amati zimachiza shuga nazonso muziwauza adokotala, chifukwa palibe amene amadziwa zimene zasakanizidwamo. Pa mowa, chimene chimaopsa ndi kumwa kwambiri nthawi imodzi, kachasu makamaka, komanso kumwa osadya, popeza chiwindi chotanganidwa ndi mowa sichichotsa asidi uja ndipo sichitulutsa shuga akafunika. Ngati mukupita kukajambulidwa CT scan yobaya mankhwala mu mtsempha, kapena kukachitidwa opaleshoni yogonetsa, auzeni kuti mumamwa metformin. Nthawi zambiri amamuimitsa tsiku limenelo mpaka patadutsa maola 48, n'kuyamba aonanso impso.

Ngati mumamwanso ma ARV

Kuyambira 2019 anthu ambiri a ma ARV ku Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene pa kadi amalembedwa 13A. Dolutegravir amatseka njira imene impso zimatulutsira metformin, moti metformin amachuluka m'magazi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Amene amamwa dolutegravir kawiri pa tsiku chifukwa ali pa mankhwala a TB amachulukirapo kuposa apo. Zotsatira zake, munthu amene anali bwino pa 2000 mg amayamba kutsegula m'mimba ndi mseru ngati wangoyamba kumene. Malangizo ake ndi akuti poyambitsa mankhwala awiriwa pamodzi, metformin asapitirire 1000 mg pa tsiku, ndipo kukweza kulikonse kuchitike adokotala akuyang'anira shuga ndi impso. Tenofovir, amene ali mu piritsi lomwelo, nayenso amatha kufooketsa impso, ndiye kuyezetsa creatinine n'kofunika kwambiri. Ma ARV musawasiye. Chosintha ndi mlingo wa metformin. Vuto limakhala loti kiliniki ya ART ndi ya shuga zimakhala masiku osiyana, ndi mabuku osiyana, ndipo amene angalumikize ziwirizi ndi wodwala mwini. Tengani mankhwala anu onse kulikonse kumene mukupita.

Kunjenjemera, thukuta ndi njala yadzidzidzi

Uku ndi kutsika kwa shuga. Metformin payekha sakonda kuchita zimenezi chifukwa sakakamiza thupi kutulutsa insulin yambiri. Zikamachitika, yang'anani mnzake: glibenclamide, kapiritsi kakang'ono ka 5 mg kamene ambiri amapatsidwa pamodzi ndi metformin, kapena insulin. Glibenclamide amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Munthu akamumwa m'mawa n'kupita kudimba osadya, kapena metformin akamuchotsera chilakolako cha chakudya n'kumangodya mbamu ziwiri, chakumasana amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, maso kuchita mdima, kukwiya popanda chifukwa.

Ngati muli ndi kamakina koyezera, pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina owerenga manambala akuluakulu, ndi potsika. Ngati mulibe, musadikire. Sungunulani masipuni atatu odzaza a tiyi a shuga m'kapu ya madzi, kapena imwani theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba, osati wopanda shuga uja. Dikirani mphindi 15, ndipo ngati simunasinthe bwerezani. Mukatsitsimuka idyani chakudya chenicheni, chifukwa shuga wa m'madzi amatha msanga pomwe glibenclamide akadali m'thupi. Mankhwalawa amakhalitsa, moti shuga amatha kugwanso patatha maola angapo, makamaka kwa okalamba ndi a impso zofooka. Munthu akakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kupita naye kuchipatala, ndipo ngakhale atsitsimuke musafulumire kubwerera naye kunyumba.

Zikachitika kawiri, mlingo wa glibenclamide uyenera kuonedwanso. Kwa anthu opitirira zaka 60 madokotala ambiri amasankha gliclazide m'malo mwake ngati alipo. Bactrim amawonjezera mphamvu ya glibenclamide, ndipo kwinini ndi malungo enieniwo amatsitsanso shuga. Tsiku limene simudya, glibenclamide musamumwe.

Dzanzi m'mapazi, kutopa ndi kuchepa magazi pakatha zaka

Metformin amachepetsa kalowedwe ka vitamini B12 kumapeto kwa matumbo aang'ono. Chiwindi chimasunga vitaminiyi yokwana zaka zingapo, n'chifukwa chake vutoli limaonekera mochedwa, kawirikawiri munthu atamwa zaka zinayi kapena kuposa pa mlingo waukulu. Bungwe loona za mankhwala ku Britain, MHRA, linachenjeza mu 2022 kuti zimenezi zingagwire mpaka munthu mmodzi pa anthu khumi omwa metformin. Zizindikiro zake ndi dzanzi kapena kuotcha m'mapazi ndi m'manja, kudzandira poyenda makamaka mumdima, lilime lofiira losalala lopweteka, kuiwalaiwala, ndi kutopa kwa munthu wochepa magazi.

Msampha wake ndi woti shuga nayenso amawononga mitsempha ya m'mapazi mofananamo, ndiye onse, wodwala ndi dokotala, amangoti "ndi shuga ameneyo" n'kuwonjezera metformin. Isoniazid wa TB, mowa ndi HIV zimabweretsanso dzanzi lomwelo. Ngati mwamwa metformin zaka zingapo ndipo mapazi ayamba, pemphani kuti B12 iganiziridwe. Kumene sayeza B12, kuyeza magazi kwa full blood count kumapereka chithunzi: nambala ya MCV ikapitirira 100 ndiye kuti maselo ofiira akula mopitirira, chimene ndi chizindikiro chake, ngakhale MCV yabwinobwino sikutanthauza kuti B12 ndi yokwanira. Chithandizo ndi jakisoni kapena mapiritsi a B12, metformin akupitirira. Mapiritsi owonjezera magazi a ayironi ndi folic acid salowa m'malo mwake, ndipo folic acid amatha kukonza magazi mitsempha ikuwonongekabe. Mitsempha ikawonongeka nthawi yaitali sibwerera yonse.

B12 imapezeka mu nyama, chiwindi, mazira, mkaka ndi nsomba. Usipa ndi matemba ndi zokwanira ndipo n'zotsika mtengo. M'masamba ndi mu nyemba mulibe. Amene sadya nyama ndi nsomba, komanso amene amwa omeprazole kwa nthawi yaitali chifukwa cha zilonda za m'mimba, ali pachiopsezo chachikulu.

Zina zing'onozing'ono

Kukoma kwachitsulo m'kamwa kumatha pakapita masabata. Kutsuka mano mukadya ndi kumwa madzi ofinyiramo ndimu kumathandiza. Kutsika makilogalamu awiri kapena atatu si chachilendo, ndipo kwa onenepa ndi phindu. Koma kuonda kopitirira, zovala n'kumakhwepa, pamodzi ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi, ndi chizindikiro choti shuga sakugwidwa ndipo mwina pakufunika insulin; kukakhala ndi chifuwa ndi thukuta la usiku, kayezetseni TB. Mukaiwala kumwa, ingomwani pa chakudya chotsatira mlingo wa nthawi zonse, osaphatikiza. Amayi amene msambo wawo unkadumphadumpha adziwe kuti metformin amatha kuubwezeretsa ndipo angatenge pakati mosayembekezera. Zikatero asasiye mankhwala okha, apite ku sikelo msanga akanene zonse zimene akumwa.

Pa kusala kudya, kaya pa Ramadan kaya kumapemphero, kaonaneni ndi adokotala mwezi usanafike. Amene amamwa metformin kamodzi amamumwa pomasula madzulo. Amene amamwa kawiri amamwa pomasula ndi pa chakudya cha m'bandakucha. Amene amamwa katatu amaphatikiza wa masana ndi wa madzulo pomasula, wotsalayo m'bandakucha. Wa glibenclamide kapena insulin asayambe kusala mlingo usanasinthidwe, ndipo shuga akatsika pansi pa 3.9 kapena akayamba kunjenjemera, amasule nthawi yomweyo ngakhale dzuwa likadali pamutu.